Msiyeni Mwana Akaone Nyanja

Pali bwalo la milandu limene limakhala Sondo iliyonse madzulo. Lilibe mfumu, lilibe nduna, ndipo woimbidwa mlandu sapatsidwa mpata woyankha. Limakhala m'mafoni, m'magulu a WhatsApp a mabanja athu, kuyambira ku Chinyunyu mpaka ku Mpanshya ndi kwa Shikabeta. Mlandu umayamba mwana amene anapita kukagwira ntchito ku England akatumiza chithunzi ali m'mbali mwa nyanja ku Brighton kapena ku Blackpool, wavala chijasi, akuseka. Amayi amaika kamtima. Azakhali amalemba kuti mwana wanenepa. Koma kuseri, m'mauthenga amene iye sawamva, chigamulo chagwa kale: ndalama za feteleza akudyera m'mapaki, chizungu chamulowa, watiiwala.

Ine ndikuti chigamulo chimenechi n'cholakwika ndiponso n'chankhanza, ndipo chikutitayitsa ana amene tikuopa kuwataya. Mwana amene watuluka m'nyumba pa Loweruka kukaona malo atsopano sanabere munthu. Akuphunzira kukhala m'dziko limene tinamuperekeza tokha ndi mapemphero pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Amene sapuma amadwala, ndipo wodwala satumiza kanthu.

Mantha athu ndikuwadziwa kumene achokera, ndipo si opusa. Makolo athu anaona amuna akunyamuka kukafuna ndalama za msonkho wa atsamunda. Ambiri anawoloka Zambezi pa Feira, pamene lero timati Luangwa, kulowera m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena anatengedwa ndi Wenela kupita ku Joni, mpaka boma la Kaunda linaletsa zimenezo titalandira ufulu mu 1964. Ena anabwerako ndi njinga ndi mabulangeti. Ena sanabwere, anasiya akazi ndi ana akuyang'ana kunjira, ndipo chilankhulo chathu chinawapatsa dzina lowawa: matchona. Mayi wa ku Rufunsa akaona mwana wake akusangalala kutali, chimene chimamuluma mumtima ndi dzina limenelo. Amaona ngati kuseka kwa mwanayo ndi phazi loyamba lopita ku utchona.

Koma tifunse bwino chimene chinkapanga mtchona. Ambiri sanatchone chifukwa chokondwa. Anatchona chifukwa cha manyazi. Kumudzi ankadikira munthu wolemera, iye ali ndi malaya awiri, ndipo chaka chilichonse kubwerera kunkavuta kuposa chaka chatha. Kalata iliyonse yochokera kwawo inali mndandanda wa zofuna, ndiye analeka kuyankha. Lero kalata ija yasanduka foni, imalira usana ndi usiku, ndipo ikalira mwana amadziwa kale kuti moni ndi wa mphindi imodzi, zotsala ndi za ndalama. Tikamuonjezera mlandu wakuti wapita kunyanja, tikumuphunzitsa zinthu ziwiri: kubisa moyo wake ndi kuopa foni yathu. Njira ya utchona ndi imeneyo, ndipo tikuilambula ndife.

Inu amayi, inu atate, inu amalume amene mumagamula, kodi mlungu wa mwanayo mukuudziwa? Ana athu ambiri amene ali ku United Kingdom ndi manesi ndi osamalira okalamba. Visa ya ogwira ntchito za umoyo inayamba mu August 2020, ndipo mu February 2022 inatsegulidwanso kwa osamalira okalamba ndi odwala m'nyumba. Ntchito yake ndi kusambitsa munthu wamkulu amene sangathe kuima, kumusintha zovala atadziipitsira, kumudyetsa ndi supuni, kupirira akakutukwana chifukwa mutu wake unasokonezeka ndi ukalamba. Ambiri amagwira maola 12 patsiku, ena usiku wonse. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko madzulo isanakwane, kotero munthu amalowa pantchito kuli mdima n'kutuluka kuli mdima. A zaumoyo kumeneko amalangiza anthu a khungu lakuda kumwa vitamini D chaka chonse, chifukwa dzuwa lake silikwana. Ife amene timathawira pansi pa mtengo wa mango mu October sitidziwa kuti munthu angadwale chifukwa chosowa dzuwa.

Ndipo zonse zimene kuno amazichita osaganiza, kumeneko ayenera kuziphunzira ngati mwana wa giredi wani. Basi ili ndi nthawi yake ndi malo ake oimira, siima chifukwa waikweza dzanja pakati pa njira. Zinyalala zili ndi mabini osiyanasiyana ndi tsiku lake lotulutsira. Dokotala sumupeza pongofika, uyenera kulembetsa kaye ndi kupangana naye tsiku. Woyandikana naye nyumba angathe kukhala chaka osadziwa dzina lako, ndipo sungagogode kukapempha mchere. Chingerezi chimene anakhoza nacho mayeso a giredi 12 chimasowa ntchito akakumana ndi nkhalamba ya ku Newcastle kapena ku Glasgow ikulankhula mwa kwawo. Amene anapita pambuyo pa 11 March 2024 pa visa ya osamalira okalamba saloledwa kutenga mwamuna, mkazi kapena ana. Ali yekha m'kachipinda ka lendi, ana ake ali ndi inu.

Tsono munthu wotere akapeza tsiku limodzi, mukufuna alithere pati? Pabedi, atatseka makatani, akuyang'ana foni? Lamulo la kumeneko la 1998 la nthawi yogwira ntchito limapatsa wantchito maola 24 opuma mlungu uliwonse, ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 28 pachaka kwa wogwira masiku 5 pamlungu. Azungu amene amamulemba ntchito, amene sanamubale, akuvomereza kuti thupi lake lifunika kupuma. Ife a magazi ake ndiye tikukana?

Kuyenda kwa pa Loweruka ndi sukulu. Ndiko kumene munthu amaphunzira kugula tikiti ya sitima yotchipa, kuwerenga mapu, kufunsa njira osachita manyazi. Ndiko kumene amapeza sitolo yogulitsa ufa woyera, kapenta ndi nyemba, ndi tchalitchi chimene amaimba ngati kwathu. Ndiko kumene amakumana ndi anzake a ku Zambia, a ku Malawi ndi a ku Zimbabwe, amene adzamuuza kumene kuli ntchito yabwinoko, amene adzamuperekeza kuchipatala, amene adzasonkha ndalama tsoka likagwa kuti mtembo ubwere kudzagona pakati pa makolo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anzako osenza nawo denga sumawapeza utadzitsekera. Mwana amene amadziwa tauni yake, ali ndi anzake ndipo amadziwa malamulo, abwana oipa samudyera masuku pamutu mosavuta. Amene amangodziwa njira ya kuntchito ndi ya kuchipinda ndiye amaopsezedwa kuti visa yake ifafanizidwa akadandaula.

Nanga mtengo wake? Apa ndi pamene bwalo lathu limagamula mopanda umboni. Mapaki a m'matauni a ku Britain ndi aulere. Nyumba zazikulu za boma zosungiramo zinthu zakale, monga British Museum ku London, salipiritsa pakhomo. Kukhala pamchenga kapena pamiyala m'mbali mwa nyanja salipira. Njira zoyenda pansi za kumapiri a Peak District ndi zotsegukira aliyense. Chimene chimalipidwa ndi tikiti ya basi kapena ya sitima, ndipo ambiri amanyamula chakudya chophika okha. Chithunzi chimene mukuchiwerengera matumba a feteleza nthawi zambiri chadya ndalama zosafika malipiro a maola awiri kapena atatu.

Vuto ndi masamu athu. Timamva kuti malipiro otsika kwambiri ololedwa ndi lamulo kumeneko anafika £12.21 pa ola mu April 2025, timathamangira kuwasintha kukhala makwacha, mutu n'kuzungulira. Timaiwala kuti mwanayo salipira lendi m'makwacha. Boma limadula msonkho ndalama zisanafike m'manja mwake. Khonsolo imafuna msonkho wake wa nyumba. Magetsi ndi gasi wotenthetsa chipinda m'nyengo yozizira sizisankhika, chifukwa kumeneko sungatole nkhuni. Visa yake simulola kulandira thandizo la boma ntchito ikatha. Ngati pali ngongole imene anatenga kuti apite, nayonso ikudikira. Zimene amatumiza ndi zimene wadzimana.

Ngati mukufunadi wakuba wa ndalama zanu, yang'anani pakati pa njira. Kutumiza ndalama ku mayiko a Africa a kum'mwera kwa Sahara ndi kodula kuposa kutumiza kwina kulikonse padziko, ndipo World Bank yakhala ikupeza kuti pafupifupi 8 pa 100 iliyonse imathera m'malipiro otumizira. Mayiko anagwirizana ku United Nations kuti pofika 2030 mtengowo utsike pansi pa 3 pa 100. Sindinamvepo banja litakhala pansi kukwiyira zimenezi, kapena kufunsa phungu wawo kuti boma likuchitapo chiyani. Mkwiyo wonse umagwera tikiti ya ku Blackpool.

Koma inunso ana athu muli kunja, musaombe m'manja msanga, chifukwa mlandu wina ndi wanu. Mumatumiza Loweruka lokha. Lolemba mpaka Lachisanu mumabisa. Palibe amene amajambula mapazi otupa, kachipinda ka nkhungu pakhoma, kapena pepala la malipiro litadulidwa. Mumaima pafupi ndi motoka ya eni ake, mumasankha chithunzi chimene chipale chofewa chawala bwino, ndipo mng'ono wanu amene akugulitsa malasha m'mbali mwa Great East Road amachiyang'ana usiku mpaka batire itatha. Mawa lake amauza atate kuti agulitse ng'ombe.

Ng'ombezo zimapita kwa anthu odzitcha maejenti, ogulitsa mapepala a ntchito amene lamulo la ku Britain silimulola wolemba ntchito kumulipiritsa wantchito. Boma la kumeneko linalengeza kuti pakati pa July 2022 ndi December 2024 linalanda ziphaso makampani osamalira okalamba oposa 470, ndipo antchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Ambiri anafika n'kupeza kuti ntchito imene analipirira kulibe, kapena ilipo ya maola ochepa osakwanira lendi. Kampani ikalandidwa chiphaso, wantchito amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze ina. Ndipo kuyambira 22 July 2025 khomo lolemba osamalira okalamba atsopano kuchokera kunja linatsekedwa. Aliyense amene lero akuyenda m'midzi kulonjeza visa imeneyo ndi wakuba. Inu amene mukudziwa zimenezi, mukakhala chete n'kumangotumiza nyanja, mukumuthandiza kuba. Pitani kunyanja, jambulani, tumizani. Koma tumizaninso Lachitatu. Walira mvula walira matope, ndipo amene akusirira mvula yanu ayenera kuonetsedwa matope ake.

Wina anena kuti zonsezi ndi nkhani za anthu okhuta. Adzandikumbutsa chilala cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti dziko lili pa ngozi, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atapsa m'minda. Adzafunsa kuti mwana angaseke bwanji m'mbali mwa nyanja amake akugona ndi njala. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo yankho lake ndi lakuti pa njala ndi pa maliro ana ambiri amadula zonse, amatenga maola owonjezera, amatumiza mpaka okha kutsala opanda. Amene amakana amake chakudya ali nacho ndi woipa, kaya apite kunyanja kaya asapite. Koma bwalo la pa Sondo silikhala chaka cha njala chokha. Limakhala ndi chaka cha zokolola zambiri chomwe, ndipo zofuna zake si ufa: ndi foni yatsopano ya msuweni, malata a nyumba ya amalume, zovala za ukwati wa munthu amene mwanayo sanamuonepo. Tasandutsa ngozi kukhala chizolowezi. Banja limene nkhokwe yake yonse ndi msana wa mtsikana mmodzi ku Leeds liyenera kuusamala msanawo kuposa ng'ombe yolimira, yomwe nayonso timaimasula m'goli dzuwa likakwera.

Winanso anena kuti manesiwo anathawa odwala athu, choncho asatiuze za kutopa. N'zoona kuti tikuwasowa. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Zambia pa mndandanda wa mayiko 55 amene ali ndi antchito a zaumoyo ochepa kwambiri, kumene mayiko olemera sayenera kupita kukakopa anthu. Aliyense amene anadikirapo pa mzere pa kiliniki ya kumudzi akudziwa tanthauzo lake. Koma kumbukiraninso kuti mu 2022 boma linalemba antchito a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo anapezeka, chifukwa anali atakhala kunyumba ndi masatifiketi awo akudikira. Mtsikana amene anaphunzitsidwa unesi ndi ndalama za mbuzi ndi chimanga, n'kukhala zaka osalembedwa, sanathawe odwala. Nkhani ya kusowa kwa manesi ipite kwa amene amagawa bajeti. Kumulanda Loweruka sikubweretsa nesi ndi mmodzi yemwe ku Mpanshya.

Pali chinanso chimene sitifuna kuchitchula. Oimbidwa mlandu m'bwaloli ambiri ndi ana aakazi. Pitani pa malo alionse a malonda m'mbali mwa msewu waukulu pa Loweruka masana, muwerenge amuna amene akhala pa mabenchi ndi mabotolo kuyambira m'mawa. Palibe amene amawajambula n'kuwaweruza, amati akupuma. Mkazi wa kumudzi alibe Loweruka: amatunga madzi, amachapa, amaphika, pa Sondo amaphikira alendo a kutchalitchi. Tsono tikaona mwana wamkazi atakhala pansi osagwira kanthu, akungoyang'ana madzi, chimatipweteka ngakhale ndalama atatumiza kale. Timati wasintha. Inde wasintha, waphunzira kuti nayenso ndi munthu wotopa. Amayi amene akumukalipira akanayenera kupatsidwa tsiku lotero zaka 40 zapitazo.

Ndipo tidzifunse za kwathu kuno. Boma la Rufunsa, limene Pulezidenti Michael Sata analipatula ku Chongwe, lili ndi malo amene anthu amachokera kutali kudzawaona. Akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu ali pafupi ndi msewu, ndipo anthu a ku Lusaka amayendetsa motoka kudzaviika mapazi. Kum'mwera kwathu kuli Lower Zambezi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1983, kumene alendo a ku Ulaya ndi ku America amatera ndi tindege kudzaona njovu zikuwoloka mtsinje moyang'anana ndi Mana Pools. Mzika ya Zambia imalipira pang'ono pachipata kuposa mlendo. Koma ndi angati a ife analowamo? Njovu timaidziwa ikabwera kudzadya chimanga. Mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968, timaudziwa ngati poima basi ya ku Chipata kuti tigule nsomba zouma ndi madengu, ndipo ochepa amatsika kuti angoyang'ana mtsinjewo. Tinavomera kalekale kuti kuona malo ndi kwa azungu, kwathu ndi kunyamula zikwama zawo.

Maganizo amenewa ali ndi mtengo wake. Pamene kunali mkangano wa mgodi wa kopa wa Kangaluwi m'kati mwa pakiyo, mpaka bungwe la ZEMA linauimitsa mu 2023, anthu ambiri oyandikana nayo ankamva nkhaniyo ngati ya dziko lina, chifukwa malo amene sunawapondepo n'kovuta kuwaona ngati ako. Mitengo imene ikusanduka malasha opita ku Lusaka tsiku ndi tsiku timaiyesa ndi matumba basi. Mwana amene waona anthu wamba a ku England, oyendetsa mabasi ndi osesa m'zipatala, akutenga ana awo kupita kumapiri pa Loweruka, amabwera ndi funso labwino: bwanji ife ayi? Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Nthawi zina mlendoyo ndi mwana wako yemwe. Ndipo tisanamizane kuti kuyenda kokasangalala ndi kwachilendo kwa ife. Anthu a kwa Bunda Bunda akamasonkhana pa mwambo wa Chibwela Kumushi atatha kukolola, kuvina ndi kudya pamodzi, akuchita chiyani ngati si kupuma pambuyo pa ntchito?

Choncho bwalo lija litsekedwe, ndipo m'malo mwake banja likhale pansi poyera, mwanayo ali pa foni akumva. Mugwirizane ndalama zimene angathe kutumiza pamwezi, tsiku lake, ndi munthu mmodzi wozilandira. Mugwirizane chimene chili ngozi yeniyeni: matenda, maliro, njala, sukulu ya ana ake. Zotsalazo ndi zake, ndipo sayenera kupereka lipoti la tikiti ya sitima. Iye nayenso anene zoona za malipiro ake, lendi yake ndi ngongole zake, ndipo achenjeze ang'ono ake za maejenti. Kuyambira 2016 malamulo a dziko lino amalola munthu kukhala mzika ya mayiko awiri, kotero ngakhale atatenga pasipoti ya kumeneko sanaleke kukhala wa ku Rufunsa. Chimene chingamuchotse kwathu ndi lilime lathu.

Inu amayi, chithunzi chikabweranso, mufunseni kuti madzi a nyanjayo ndi ozizira bwanji, anapita ndi ndani, anadya chiyani. Muimbireni tsiku lina popanda chopempha, kuti adziwe kuti foni yochokera kwawo ingathe kungokhala moni. Ndipo inu ana, mukabwera pa tchuthi musathere masiku onse m'mamolo a ku Lusaka. Hayani motoka, mukweze ambuya, amayi ndi ana a mlongo wanu, mupite nawo ku Chinyunyu. Ambuya akhale pamwala, aviike miyendo m'madzi ofunda, tsiku lonse asaphike kanthu. Akabwerako muwafunse ngati ndalamazo zatayika.